Tifunseni za Chuma: Ndani apereke mpamba wa bizinesi ya zinyalala?

Makalata ambiri amene alowa mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ndipo ndasankhapo anayi. Onse achokera muno mu Lusaka, kwa anthu amene maso awo ali pa zinthu zimene ena ataya. A m'maofesi amazitcha circular economy, ife tingati chuma chozungulira, kutanthauza kuti chinthu chikatha ntchito yake yoyamba sichipita kudzala, koma chimakonzedwa, kugwiritsidwanso ntchito, kapena kusungunulidwa n'kupangira china. Dzinalo ndi lachilendo koma ntchitoyo ndi yakale, pakuti mbaula imene ili pakhonde panu inali lata kapena mgolo, ndipo mphika wolemera uja wophikira nsima pamaliro unali zitini ndi zitsulo za galimoto yakufa. Funso limene makalata onsewa akubwereza ndi la ndalama zoyendetsera ntchitoyo.

FUNSO: Aphungu, ndife amayi 12 a ku Kanyama, ndipo kwa zaka ziwiri takhala tikugula mabotolo a pulasitiki ndi makatoni kwa otola, n'kumakagulitsa ku fakitale ina cha ku Chinika. Tikufuna makina opanikizira mabotolo kuti azikhala mabelo, chifukwa galimoto imene timachita hayala imadzaza msanga pamene katunduyo ndi wopepuka. Tinapita ku banki ina m'tauni, koma anatiuza kuti popanda mapepala a nyumba sangatithandize, ndipo tonsefe timachita lendi. Wa kaloba wa kwathu kuno akuti atipatsa ndalama lero lomwe, koma pa K1,000 iliyonse tidzabweze K1,500 pakutha pa mwezi. Fakitale nayo imatilipira pakapita milungu itatu, pamene otola amafuna yawo pamanja. Kodi tichitenji?
Mlembi wa gulu, Kanyama

YANKHO: Amayi anga, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaona kuti mwalemba mavuto awiri ngati kuti ndi limodzi. La makina mwaliika patsogolo, pamene linalo mwangolitchula kumapeto modutsa, koma ndilo likukudyerani bizinesi. Kuchokera tsiku limene mwalipira mnyamata wobwera ndi matumba a mabotolo pa wilibala kufikira tsiku limene fakitale yakulipirani pamapita milungu itatu, ndipo nthawi yonseyo mpamba wanu umakhala utagona m'bwalo la fakitale. Sikelo yanu ikakhala masiku awiri osagula chifukwa pachitenje palibe kanthu, otola amapita kwa wina, ndipo wotola akazolowera sikelo ina sabwerera msanga. Mukagula makina musanatseke mpata umenewu, mudzakhala ndi makina opanda chowadyetsa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi ndi manambala ongoyerekeza, inu mudzaikepo anu enieni. Tinene kuti mwagula tani imodzi ya mabotolo pa K2 pa kilo, ndiye kuti mwatulutsa K2,000, ndipo fakitale ikugula pa K4 pa kilo, ndiye kuti mukuyembekeza K4,000. Pamenepo chotsanipo K700 ya galimoto, K300 ya lendi ya pamalo, ndi K400 imene fakitale idzadula ponena kuti katundu wina ndi wakuda kapena wonyowa. Pamwamba pa mpamba wanu patsala K600. Ngati K2,000 ija munaitenga kwa kaloba, iye afuna K1,000 yake yapamwamba, ndipo inu mwagwira ntchito mwezi wathunthu kuti mutsale ndi ngongole ya K400. Bizinesi ya zinyalala imadalira kuchuluka kwa makilo chifukwa phindu la pa kilo ndi lochepa kwambiri, choncho siingathe kusenza chiwongoladzanja cha mtundu umenewo ngakhale mwezi umodzi. Wa kalobayo mumuthokoze mwaulemu, ndipo musabwerereko.

Khomo loyamba kugogoda ndi la fakitale yomweyo imene imakugulani. Makina awo otsuka ndi ogaya pulasitiki akaima chifukwa chosowa katundu, iwo amalipirabe antchito ndi lendi, motero gulu limene labweretsa katundu mosadukiza kwa zaka ziwiri ndi lofunika kwa iwo kuposa mmene mukudziwerengera. Tengani malisiti onse amene muli nawo, mupite atatu, ndipo mukapemphe kuti azikulipirani theka la ndalama tsiku lomwe katundu wakwera pa sikelo yawo. Mukapemphenso kalata yolembedwa yonena makilo amene azigula kwa inu pamwezi, ndi mmene mtengo uzikhalira. Akavomera zimenezo, mufunsenso ngati angakubwerekeni makina opanikizira kuti aziima pamalo panu, iwo n'kumadula pang'ono pa kilo iliyonse mpaka mtengo wake utakwana. Ngongole yotereyi imabwezedwa ndi mabotolo, ndipo mwezi umene katundu wachepa zobweza nazo zimachepa, chinthu chimene banki singakuchitireni. Choipa chake n'chakuti mumakhala omangika kwa wogula mmodzi, ndiye m'kalatamo mulembetse kuti makinawo akatha kulipiridwa ndi anu, ndiponso kuti muli ndi ufulu wogulitsa kwina.

Mpata wotsalawo mutseke ndi ndalama zanu zomwe. Chilimba chimathandiza pogula chinthu chimodzi chachikulu monga sikelo yabwino kapena lona yofunditsira makatoni, koma pa vuto la milungu itatu chimene chimagwira ntchito ndi village banking, chifukwa mumabwereka tsiku limene mwasowa ndipo mumabweza fakitale ikalipira. Gulu lanu litabwereketsa K2,000 ija pa 10 peresenti pamwezi, mungalipire K200 yokha, ndipo K200 imeneyo mudzagawana nokha potseka chaka.

Kunena za makina enieniwo, ndikupemphani kuti muyambe mwaona zimene manja ndi mapazi angachite. Kilo imodzi imafuna mabotolo a theka la lita okwana 40 kapena kuposa, ndipo botolo losaphwanya ndi mpweya wokhawokha, choncho galimoto imene mukulipira ikunyamula mphepo. Chotsani zitsekerero n'kuziika pazokha, popeza ndi pulasitiki ya mtundu wina imene imagulidwa payokha, kenako pondani botolo lililonse lisanalowe m'thumba. Siyanitsani oyera ndi obiriwira kapena abulauni, chifukwa oyera ali ndi mtengo woposa. Makatoni muwaike pamwamba pa mapaleti, pakuti nonse mukudziwa mmene madzi amaimira ku Kanyama mvula ikagwa, ndipo katoni yonyowa imadulidwa mtengo. Kumbukiraninso kuti makina aakulu opanikizira amafuna magetsi amphamvu amene nyumba wamba ilibe, ndiponso kuti m'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku pamene ngongole za anthu zinkawerengabe masiku. Owotcherera zitsulo angakupangireni chopanikizira cha manja chogwiritsa jeke ya galimoto pa mtengo wotsika, ndipo chingakusungeni mpaka makilo anu atachuluka.

Tsopano za banki. Munthu amene munamupezayo anakuuzani mwambo wa banki yake, osati lamulo la dziko. Kuyambira 2016 Zambia ili ndi lamulo lolola katundu wosunthika, monga makina, galimoto, ngakhalenso ndalama zimene wina akuyenera kukulipirani, kukhala chikole, ndipo kaundula wake amasungidwa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani. Ndiye kuti makina amene mukufunawo angathe kudziimira okha ngati chikole, ndipo kalata ya fakitale ija imasonyeza kumene zobweza zidzachokere. Si obwereketsa onse amene amakonda njira imeneyi, ndipo chiwongoladzanja cha mabanki athu chakhala pamwamba pa 20 peresenti pachaka m'zaka zaposachedwapa, koma kusiyana kwake ndi kwa kaloba n'kwakukulu ngati kwa chitsime ndi nyanja. Kuti akumvereni, lembetsani gulu lanu ngati kopaletivu, tsegulani akaunti ya gululo, ndipo fakitale izilipira kudzera mmenemo kuti mbiri ya malonda anu izilembeka yokha.

Gulu lolembetsedwa lingapemphenso ku thumba la boma la chitukuko cha m'makonstichuwense lotchedwa CDF, limene linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse m'chaka cha 2022, ndipo gawo lake lina ndi la ngongole ndi thandizo kwa magulu a amayi ndi achinyamata. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Bungwe la boma lotukula anthu pa chuma lotchedwa CEEC nalo limabwereketsa nzika za dziko lino. Perekani mapepala anu konseko, koma musaimitse malonda podikira yankho, chifukwa opempha ndi ambiri ndipo zimatenga nthawi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wina aliyense wonena kuti mumupatse kenakake kuti akankhe fomu yanu, mudziwe kuti ameneyo ndi wakuba.

FUNSO: Aphungu, ndine wophunzira za maakaunti ndipo ndamva za green bond. Kodi kampani yaing'ono yobwezeretsa pulasitiki ingapeze ndalama mwa njira imeneyi?
Wophunzira, Chilenje

YANKHO: Mwana wanga, mwachindunji ayi. Bondi ndi ngongole imene kampani imatenga kwa anthu ndi mabungwe ambiri nthawi imodzi kudzera pa msika wa masheya, ndipo imatchedwa yobiriwira pamene kampaniyo yalonjeza kuti ndalamazo zipita ku ntchito yosamala chilengedwe, n'kumapereka malipoti otsimikizira zimenezo. Yoyamba muno m'Zambia inatulutsidwa ndi kampani ya magetsi ya CEC Renewables kumapeto kwa 2023 pa msika wa masheya wa Lusaka wotchedwa LuSE, ndipo gawo lake loyamba linali la madola oposa 53 miliyoni, la ntchito ya magetsi a dzuwa ku Itimpi, ku Kitwe. Maloya, owerengera ndalama ndi otsimikizira amene amafunika pokonza bondi amadya ndalama zoposa mpamba wonse wa kampani yaing'ono. Ogula bondi amafunanso malipiro odziwikiratu a zaka zambiri, monga mgwirizano wogulitsa magetsi, pamene mtengo wa pulasitiki yakale umasintha mwezi ndi mwezi. Njira imene ndalama zotere zingafikire wamng'ono ndi yakuti banki itenge ngongole yaikuluyo, kenako izibwereketsa pang'onopang'ono. Inuyo mukamaliza maphunziro, ntchito imene ikukudikirani ndi yolembera mabuku magulu ngati la amayi a ku Kanyama aja.

FUNSO: Aphungu, ine ndimalipira mwezi ndi mwezi kuti zinyalala za pakhomo panga zichotsedwe. Komatu ndimaona anyamata a pa galimotoyo akusankha mabotolo ndi zitini n'kukagulitsa. Ngati zinyalala ndi chuma monga mumanenera pa wailesi, n'chifukwa chiyani ndimalipira ine m'malo moti iwo azindilipira? Nanga makampani amene amadzaza tauni yonse ndi mabotolowa amalipirapo chiyani?
Bambo wopuma pa ntchito, Matero

YANKHO: Bambo, funso lanu lachiwiri ndi lalikulu kuposa onse amene ndalandira mwezi uno, koma ndiyambe ndi loyambalo. Tsanulirani bini yanu pansi tsiku lina muone zimene zilimo. Mudzapeza phulusa la pa mbaula, mchenga wa posesa, makoko a mbatata, nsima yotsala, matewera a adzukulu, timapepala ta maswiti ndi ta sopo, ndipo pakati pa zonsezo mabotolo asanu ndi zitini ziwiri. Zogulitsika ndi zochepa zimenezo, pamene zotsalazo ziyenera kukwera galimoto yomwa dizilo mpaka kudzala la mzinda ku Chunga. Ndalama imene mumalipira ndi ya ulendo umenewo, ndipo zimene anyamatawo amasankha zimangowonjezera pa malipiro awo. Mukafuna kuti phindu la mabotolo likhale lanu, muziwasunga pa okha m'thumba n'kukagulitsa nokha pa sikelo yapafupi.

Mawu akuti zinyalala ndi chuma ndi oona pa zinthu zina zokha. Chitini cha aluminiyamu chimadzilipirira chokha, chifukwa kuchisungunula kumafuna pafupifupi 5 peresenti yokha ya mphamvu imene imafunika popanga aluminiyamu watsopano kuchokera ku miyala. Zitsulo zakutha nazo zili ndi msika, ndipo n'chifukwa chake simuzipeza zitangogona mumsewu. Zimatoledwa n'kupita ku mafakitale osungunula monga ya ku Kafue. Pulasitiki ndi nkhani ina. Yatsopano imapangidwa kuchokera ku mafuta, ndiye mafuta akatsika mtengo pa msika wa dziko lonse, pulasitiki yatsopano imatsikanso, ndipo fakitale imasiya kulimbirana yakale. Tsiku limenelo mayi wotola mabotolo ku Chawama amalandira zochepa pa chifukwa chimene chachitikira kutali kwambiri ndi iye. Timapepala topyapyala ndi tokutira zakudya tilibe wogula n'komwe, ndipo ndi timeneti timatseka ngalande.

Apa ndi pamene makampani ayenera kulowa. Inu ndinu a msinkhu wokumbukira bwino kuti botolo la galasi la chakumwa silinkatayidwa, chifukwa linali ndi dipoziti. Wopita kukagula ankanyamula lopanda kanthu, ndipo ana ankasakasaka mabotolo kuseri kwa nyumba kuti akapeze ya maswiti. Mpaka lero makireti a mowa amayenda chimodzimodzi. Palibe amene analalikira za chilengedwe kuti zimenezi zitheke. Kampani inaika mtengo pa botolo lake popeza inkalifuna kuti libwerere. Botolo la pulasitiki litabwera, kampani inapepukidwa chifukwa sinafunikenso kulitsuka kapena kulinyamula pobwerera, ndipo mtolo umenewo unagwera khonsolo, inu wolipira bini, ndi chipatala. Amene tinaona kolera ya 2017 mpaka 2018, asilikali atalowa m'tauni kuyeretsa misika, ndiponso ya 2023 mpaka 2024 pamene bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala, tikudziwa kuti ngalande yotsekeka ili ndi mtengo wake, kungoti amaulipira ndi ena.

Lamulo lilipo kale. M'chaka cha 2018 boma linatulutsa Statutory Instrument nambala 65, imene imati wopanga kapena woitanitsa katundu ali ndi udindo pa zokutira zake ngakhale zitachoka m'manja mwake, ndipo lamulo lomwelo linaletsa mapepala a pulasitiki onyamulira katundu opyapyala kuposa mamaikironi 30. Oyang'anira ndi a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Makampani ena anayambapo kale okha, monga Zambian Breweries imene inayambitsa Manja Pamodzi, ntchito yolumikiza otola a m'makomboni ndi ogula. Zimenezo n'zoyamikika, koma maganizo anga ndi akuti ntchito ya mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni singadalire kukoma mtima kwa kampani imodzi kapena ziwiri. Botolo lililonse lolowa pa msika liyenera kubwera ndi kandalama kake, kaya ndi ngwee zingati, kosonkhanitsidwa m'thumba lodziwika limene mabuku ake ndi oonekera, ndipo thumbalo liziwonjezera pa mtengo wa kilo imene wotola wabweretsa, makamaka miyezi imene msika wagwa. Wotola akadziwa kuti mtengo sutsika kupyola pakutipakuti, gulu logula kwa iye limatha kulonjeza fakitale makilo, ndipo wobwereketsa amayamba kuona bizinesi pamene poyamba ankangoona mulu wa zinyalala. Musadzadabwe kuti kandalamako kadzabwerera kwa inu pa mtengo wa chakumwa, pakuti walira mvula walira matope. Kusiyana kwake n'kwakuti adzalipira ndi womwa chakumwacho, osati mwana wa ku komboni ya George amene akudwala m'mimba.

FUNSO: Aphungu, ndife anyamata asanu ndipo tikufuna kumatenga masamba, tomato ndi zipatso zowola za pa msika wa Soweto kuti tizipanga manyowa ogulitsa. Bungwe lina lothandiza lati lingatipatse ndalama zosabweza za chaka chimodzi. Anzanga akufuna kuti tigule galimoto ndi kudziikira malipiro. Ine ndikukayika. Mungatilangize bwanji?
Mnyamata, Chibolya

YANKHO: Achimwene, kukayika kwanu kuli ndi maziko, ndipo muwerengere anzanuwo yankho ili. Ndalama yosabweza ndi yabwino pa chinthu chimene mumagula kamodzi n'kukhala nacho, monga shedi, simenti ya pansi, mafosholo, sefa, magolovesi ndi majombo, komanso kuyezetsa manyowa anu kuti mlimi adziwe chimene akugula. Ndi yoopsa pa chinthu chimene chimafuna ndalama mwezi uliwonse, chifukwa mwezi wa 13 bungwelo lidzakhala litalemba lipoti lake n'kupita, pamene galimoto idzafunabe dizilo, matayala ndi msonkho wa pamsewu. Ndinaonapo gulu lina la achinyamata limene linayamba ndi galimoto yopakidwa utoto wobiriwira ndi mayunifomu atsopano, ndipo patangotha chaka ndi theka galimotoyo inali itakhala pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Manyowa ali ndi zovuta zawozawo zimene muyenera kuziwerengera musanasaine chilichonse. Mulu umatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti upse, ndipo nthawi yonseyo mukuutembenuza, kuuthirira ndi kuchotsamo timapulasitiki popanda cholowa m'thumba. Zowola za pamsika ndi madzi okhaokha, choncho zimene mwanyamula zimafota kwambiri, ndipo zimafuna kusakanizidwa ndi zouma monga utuchi, udzu kapena makatoni ong'ambika kuti zisanunkhe. Manyowa okupsa ndi olemera koma otsika mtengo, ndipo ogula ake ambiri, alimi a madimba a ku Chongwe, Ngwerere ndi Lusaka West, ali kutali ndi msika, ena a iwo ali ndi manyowa a nkhuku pafupi.

Pa chifukwa chimenechi, ndalama yeniyeni ya ntchito imeneyi mukaifune polowera zinyalala, osati potulukira manyowa pokha. Amene ali ndi zowolazo amalipira kale kuti zichotsedwe, ndiye inu mukakambirane ndi komiti ya msika, malesitilanti ndi malo ogona alendo kuti gawo la ndalama imeneyo lizibwera kwa inu pa mgolo uliwonse umene mwachotsa. Chilolezo chonyamula zinyalala ndi cha malo ounjikapo mukachifunse ku khonsolo musanayambe, chifukwa lamulo la zinyalala la 2018 linaika udindo umenewo m'manja mwa makhonsolo, ndipo mulu woikidwa popanda chilolezo ungachotsedwe uli pafupi kupsa.

Bungwelo mulipemphe kuti ligawe ndalamazo patatu, ndipo gawo lililonse lizituluka mukafika pa chinthu chooneka. Miyezi itatu yoyamba muchite hayala galimoto kawiri pa mlungu, mupange milu inayi yokha, ndipo mulembe m'kope makilo olowa, makilo otuluka ndi ndalama iliyonse imene yapita. Matumba 20 oyamba mukawapereke kwa ogulitsa maluwa ndi mbande a m'mbali mwa misewu ya ku Kabulonga ndi Woodlands, amene amagula chaka chonse ndipo ali pafupi, ndi kwa alimi awiri a dimba kuti ayese pa bedi limodzi la repu pambali pa bedi la fetereza. Akabweranso kudzagula ndi ndalama zawo, mundilembere kalata ina yokhala ndi manambala a m'kope lija, ndipo nkhani ya galimoto tidzaikambe pamenepo.